Timadontho Tiwiri pa Nyimbo ya Bambo

Bambo anga ndi telala. Asoka mayunifolomu a ana a sukulu kwa zaka makumi atatu m'kachipinda kamodzi komweko, kuseri kwa golosale. Lachitatu ndi Loweruka amatseka msanga n'kupita kukaphunzitsa kwaya kutchalitchi kwathu. Manoti a nyimbo anadziphunzitsa okha, ndipo amawalemba ndi pensulo yomwe amalembera miyezo ya makasitomala, papepala lojambula okha mizere ndi rula. Salankhula zambiri. Ukawafunsa kanthu amayamba achotsa kaye mapini pakamwa, limodzilimodzi, moti pamene akuyankha iwe waiwala kale chimene unafunsa.

Pa nyimbo zonse zimene anapeka pali imodzi imene anapekera amayi ine ndisanabadwe. Ili ndi gawo limene amayi amaimba okha kawiri, kwaya ili chete, kiyibodi yokha ikuwaperekeza. Amayi ali ndi mphumu. Masitepe a kutchalitchi amakwera mopumira, koma nyimbo imeneyi ankaiimba mpaka kumapeto osaphonya. Ankakonda kunena akudzigunda pamtima kuti, "Chifuwachi chandilanda zambiri, koma nyimbo yanga yokha chaikanika."

Chaka chatha maso a bambo anayamba kuchita nkhungu, ndiye akwaya anakonza tsiku lowathokoza. Kutatsala milungu iwiri, wa kiyibodi wa masiku onse, amene amaimba pamtima maso ali pa dzanja la bambo, anagwa pa njinga n'kuthyoka mkono. Akwaya anapeza mphunzitsi wa nyimbo wa kusukulu ina. Iye anavomera kubwera pa tsikulo, koma anati amupatse pepala lowerengeka, osati zapensulo zofufutikazo.

Apa ndi pamene ndinalowerera ine, mwana wawo woyamba. Ndimagwira ntchito kumalo osindikizira makadi ndi zikwangwani, ndipo kwathu aliyense foni ikamuvuta amathamangira kwa ine. Zimenezi zinandikuza mutu, ndisaname. Ndinatenga masamba asanu ndi limodzi a bambo, n'kuika pakompyuta ya kuntchito pulogalamu yolembera manoti, n'kuyamba kulemba pa nthawi yopuma masana.

Nyimbo papepala imagawidwa m'timabokosi, ndipo m'nyimbo iyi kabokosi kalikonse n'kowerenga kanayi. Nditafika pa gawo la amayi, ndinaona kuti bambo analilemba lonse kawiri, noti ndi noti. Ndinaseka ndekha. Koma akuluakuluwa! Pulogalamuyo ili ndi chizindikiro chobwerezera, timadontho tiwiri pambali pa mizere iwiri. Ukangodina, woimba amadziwa kuti abwerere kumene anayambira. Ndinaonanso kuti pa ulendo wachiwiri, patsogolo penipeni pa mzere wautali wokwera, panali kabokosi kamodzi kowonjezera kopanda mawu, kiyibodi yokha. Pepala pamenepo linali litapyapyala chifukwa chofufutafufuta. Ndinati m'mtima, maso aja ndi amenewa, anasokoneza kuwerenga. Ndinakachotsa kabokosiko, n'kuika timadontho tanga. Masamba asanu ndi limodzi anasanduka atatu.

Ndinapita nawo kushopu ndikuyenda ngati ndapambana mpikisano. Amayi anali pakona akusita malaya. Bambo anayandikitsa pepala pamphuno, n'kulitembenuza.

"Masamba enawo apita kuti?"

"Bambo, masiku ano chinthu sitilemba kawiri. Timangoika timadontho iti."

Anachotsa mapini pakamwa. "Ulendo wachiwiriwo wauyang'ana bwino?"

"Ndi chimodzimodzi. Ndakukonzeraninso pamene munalakwitsa."

Anayang'ana kwa amayi, n'kuyang'ana kwa ine. Anangoti, "Ubwere mawa tidzadutsemo awiri." Sindinapite. Anandiimbira foni kawiri, ine n'kumati ndatanganidwa. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Tsikulo mphunzitsi uja anafika anthu atayamba kale kulowa. Anayeserera ndi amayi ulendo woyamba wokha, kenako analoza timadontho tija n'kunena kuti, "Kwinaku n'kubwereza basi." Bambo anafuna kumukokera pambali, koma abusa anali atawagwira kale dzanja kupita nawo kumpando wa kutsogolo. Ine ndinawanong'oneza kuti, "Musadandaule, zonse zili m'malo."

Nthawi ya nyimboyo itakwana, bambo anaima pamaso pa kwaya, amayi pa maikolofoni. Ulendo woyamba unayenda bwino, tchalitchi chonse chili zii. Pa ulendo wachiwiri, atafika pa mzere wokwera uja, amayi anaima kukoka mpweya monga anazolowera. Kiyibodi sinaime. Bambo anakweza dzanja, koma mphunzitsi maso anali papepala langa, akuimba ndendende zimene ndinalemba. Amayi anathamangira kuti ayipeze, analowa mochedwa, anakwera mpaka pakati, mpweya n'kuwathera. M'zokuzira mawu zonse munamveka kulira kwa chifuwa chawo, kenako chitsokomolo. Nesi wina wa m'kwaya anatola mzerewo n'kuumaliza. Amayi anatsika pang'onopang'ono atagwira khoma, osayang'ana munthu.

Ine ndinakhala pabenchi ndikumvetsa tsopano ntchito ya kabokosi kaja. Manyazi ake sindinawamvepo chibadwire.

Titafika kunyumba, amayi anakhala pampando atagwira mankhwala awo opopera m'kamwa, akukalipa. "Mphunzitsi uja amathamangira kuti? Basi inkamusiya?"

Ndikanangokhala chete. Koma chikumbumtima chinkandidya, ndiye ndinafuna kudzipeputsa. "Amayi, si iyeyo. Ndine ndinachotsa kabokosi kanu kopumira."

"Kopumira kanji?"

Bambo anandiyang'ana, ndipo pomwepo ndinadziwa kuti ndalakwanso kachiwiri, kuposa poyamba.

"Nyimbo yanga ilibe popumira," anatero amayi. Amayi sawerenga manoti, amaimba zimene khutu lamva. Anatembenukira kwa bambo. "Bambo a ana, mwanayu akuti chiyani?"

Bambo anakhala nthawi akupukuta magalasi ndi nsonga ya tayi. "Kalipo," anatero. "Ndinaika zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Poyamba kunali kuwerenga kamodzi. Kenako kawiri. Pano ndi kanayi."

"Munkandiuza kuti n'zokometsera nyimbo."

"Zinkakometsadi."

"Akwaya akudziwa?"

Bambo anavala magalasi aja n'kuyang'ana pansi. Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye anthu onse aja ankandidikira kuti ndipume, ine ndikudzigunda pamtima pamaso pawo." Sanalire. Anadzuka, n'kukalowa kuchipinda, n'kutseka chitseko mwakachetechete.

Bambo sanandikalipire, ndipo chimenechi n'chimene chinandipweteka kwambiri. Akanandilalatira ndikanapeza poyambira kupepesa. Anangotola masamba awo a pensulo, n'kuwasanja bwinobwino, n'kuwabwezera m'fayilo.

Mlungu wotsatira ndinailembanso nyimbo yonse, ulendo wachiwiri pawokha, kabokosi kaja kali pamalo pake. Ndinawerenga noti iliyonse katatu chala chili papepala la bambo. Ndinapita nayo kushopu. Amayi anali pakona akusokerera mabatani.

"Amayi, ndakonza. Pepani. Tsopano ili monga bambo analembera."

Sanadzutse mutu. Anadula ulusi ndi mano. "Wachita bwino, mwanangu. Ukampatse nesi uja. Ndiye aziimba."

"Koma amayi..."

"Ndanena."

Ndinayang'ana kwa bambo kuti mwina anenepo kanthu. Anayendetsa chala pamasambawo, ngakhale sankaona bwino, mpaka anaima pamene ankadziwa kuti kabokosiko kali.

"Aka ukachotse," anatero. "Ubwezeretse timadontho tako. Nesi safunika kudikiriridwa."

Ndinabwerera kuntchito, n'kutsegula nyimbo yoyamba ija, ya masamba atatu, imene inagwetsa amayi. Ndinaiyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi kufuna choti ndikonze, koma panalibe. Ndinangodina kuti isindikizidwe.

Bambo akusokabe, koma zingano amawalowetsera ulusi ndi amayi. Lamlungu amayi amakhala benchi yachitatu pambali panga. Nesi akaimba nyimbo ija, milomo ya amayi imayenda naye limodzi popanda mawu, ndipo akafika pa mzere wokwera uja amatseka pakamwa n'kuyamba kusanthula m'chikwama chawo.