Batire la laputopu pa tsiku la maliro a amayi

Laputopuyo anandipatsa ndi achimwene anga amene amakhala ku Joni, kuti ndizilembera mayeso a ana kusukulu komwe ndimaphunzitsa. Kanali kopyapyala ngati kope, kopepuka moti ndikakaika m'chikwama ndinkafufuzanso ngati kalimodi. Chivundikiro chake chinkapindika ukachigwira pakona, mabatani awiri anali atayamba kale kukakamira chifukwa cha fumbi la kwa Malemia. Koma batire lokha, ayi ndithu, linkalimba. Magetsi akazima m'mawa ndinkalemba mpaka dzuwa kupendeka.

Amayi anamwalira m'bandakucha, magetsi atazima kuyambira dzulo lake. Kwathu ndife Asilamu, maliro sagonera. Achimwene sakanatha kubwera, mapepala awo anali osalongosoka, akanatuluka sakanabwereranso. Pa foni anangopempha chinthu chimodzi.

"Chemwali, ndingowaona akutuluka pakhomo. Basi."

Foni yanga ndi ya mabatani. Ndinabwereka ya aphunzitsi anzanga kuti ipereke netiweki, ndinayatsa laputopu pakhonde kuti tingoyesa ngati zikugwira. Nkhope ya achimwene inaoneka. Apo m'pamene kuyesako kunathera, aliyense anafuna kulankhula nawo.

Azakhali anayamba. Anakhala pamphasa, kukonza mpango, kuyang'anitsitsa. Sikirini yake padzuwa sioneka, umangodziona wekha, ndiye ndinawafunditsa chitenje pamodzi ndi laputopuyo. Munali kulira m'chitenjemo, kenako malonje: wadzuka bwanji, akazi ako, ana, ntchito, kuzizira kwa kumeneko. Atatuluka azakhali analowa amalume. Atatuluka amalume kunabwera agogo ena ochokera ku Naisi amene achimwene sankawadziwa n'komwe. Aliyense ndi pepani wake, aliyense kuyambira pachiyambi.

Munthu wamkulu wabwera kudzapepesa mwana wamasiye, ungamuuze kuti afupikitse? Ine ndinalibe mphamvu zimenezo. Ndinali nditatopa, maso atatupa, ndinkangosuzumira kachizindikiro ka batire pakona kakuphwa. Kanemayu amadya moto kusiyana ndi kulemba. Kunsi kwa laputopu kunatentha, kachipangizo koziziritsa m'kati mwake kakufenya ngati kali ndi chifuwa, mawu akudukaduka.

Ndinayesa kunong'oneza amalume kuti tizimitse kaye. Anandiyang'ana.

"Mwanayu ali yekha kutali. Musiye anthu amulankhule."

Sanalakwe. Ndicho chimandipweteka mpaka pano, palibe amene analakwa.

Ashehe atafika, kachizindikiro kanali katafiira. Ife azimayi sitipita kumanda, ndiye pakhomo pomwepo ndi pamene ine ndi achimwene tikanatsanzikira amayi. Ndinaimirira, ndinatembenuza laputopu kuloza kukhomo, ndinaikweza ndi manja awiri. Azibambo analowa kukanyamula jeneza, chithatha chonyamulira maliro. Ndinamva achimwene akunena kuti, "Kwezani pang'ono, chemwali." Kenako kufenya kuja kunasiya.

Sindinaitsitse. Jeneza linatuluka, linadutsa pansi pa mtengo wa mango, linakhotera kunjira ya kumanda, ine chigwirire chinthu chozima. Kupepuka kwake kunandithandiza, manja sanatope msanga. Azakhali anali pambali panga, akuuza chivundikirocho kuti, "Waona mayi ako akupita, mwanangu, waona." Sindinawauze kuti yazima.

M'mawa mwake ndinakwera njinga ya kabaza kupita pa Songani, kumalo ometera tsitsi komwe ali ndi sola, kukatchaja laputopu. Itangoyaka n'kugwira netiweki ya foni yobwereka ija, achimwene anaimba. Anali atavala malaya omwewo adzulo.

"Ndimaganiza kuti ndi netiweki," anatero. "Ndinakhala ndikudikira kuti ibwerera."

Ndinawafotokozera mmene zinayendera, amene ananyamula kutsogolo, nsalu imene anafunditsa, njira imene anadutsa. Ankangogwedeza mutu, makina ometera akulira kumbuyo kwanga.

Laputopuyo ndikadali nayo. Batire lake likadalimbabe, mayeso ndimalemba tsiku lonse osasaka chaja.