Olanda za Masiye Ovala Mikanjo

Lachiwiri lapitali pakhomo panga ku Mtakataka panaima galimoto loyera. Munatsika a Pulofesa, mkulu wa dipatimenti ya zamagetsi ku yunivesite kumene malemu mkazi wanga, Tiyamike, ankaphunzitsa. Pamaliro sanaoneke, akuti anali kumsonkhano kunja. Ndinati abwera kudzapepesa.

Anapepesadi. Chipepeso chake chinatha madzi akumwa asanafike.

"Bambo a Chisomo, nkhani ndi kompyuta ya malemu ija," anatero. "Muli kafukufuku wofunika. Tikufuna timumalizitse, asindikizidwe."

Tiyamike ankafufuza chimene chimapsereza msanga mapampu a sola amene alimi amathirira mbewu kuno kuchigwa. Tchuthi chilichonse ankakwera kabaza kupita ku Golomoti, n'kukwera padenga la kanyumba ka pampu, kuyeza mphamvu ya magetsi dzuwa lili paliwombo. Ine ndinkamugwirira makwerero. Ngakhale atayamba kudwala, ankapitabe.

Ndinafunsa kuti dzina lake likhala pati.

"Pamapeto, m'mawu othokoza," anayankha mosaphethira. "Mumvetse, achimwene. Womwalira sakwezedwa pantchito. Kuika dzina lake patsogolo n'kutaya mwayi. Tilipo asanu amene tikudikira. Pajatu mutu umodzi susenza denga."

Padenga la ku Golomoti ine ndinkaonapo mutu umodzi. Mwina isanu ija inkaphimbika ndi fumbi.

Inu owerenga amene simunalowepo m'nyumba za ophunzirazi, ndikuuzeni mmene zimayendera. Mphunzitsi sakwezedwa chifukwa ophunzira ake amadziwa kulumikiza mawaya osawotcha nyumba. Ayi, zimenezo n'zachibwana. Amakwezedwa powerenga mapepala amene wasindikiza m'magazini akunja, ndipo dzina loyamba ndilo limadya mnofu. Choncho wamng'ono amapsa ndi dzuwa, wamkulu amakonza mipumiro muofesi yozizira, kenaka onse n'kukhala "gulu lofufuza". Wamng'onoyo akakhala mkazi, amauzidwanso kuti athokoze pomuganizira.

Ophunzira omwewa ndi amene amalankhula pawailesi kudzudzula anthu akumudzi olanda katundu wa masiye. Ndiye ndinene: abale a Tiyamike, anthu a makasu ndi maukonde, sanatenge ngakhale supuni. Apongozi anga anangopempha chitenje chimodzi choti azimukumbukira nacho. Kulanda kwenikweni kwabwera pagalimoto, kutavala tayi.

Ndinati, "Dzina lake likhale poyamba, apo ayi kompyuta sichoka."

A Pulofesa anamwetulira ngati akukonza mayeso a mwana wolephera. "Ndiye ikhala, iwume ndi kafukufuku wakeyo. Ife tipeza mutu wina. Koma mapampu a alimi anuwa azingopsabe."

Apa ndiye anandigwira. Tiyamike sankakwera denga lija kuti atchuke. Ankabwera madzulo nkhope itada, n'kumandiuza za mayi wina amene tomato wake anauma pampu itapsa. Ndikanamufunsa, ndikudziwa chimene akanayankha, ndipo chikanandikwiyitsa.

Ndawapatsa kompyutayo.

Musandiyamikire, ndipo musanditonze. Anaifungatira bwino kuposa mmene ena anagwirira bokosi la maliro. Polowa m'galimoto anasisita mwana wathu Chisomo kumutu, nati, "Udzakhale injiniya ngati amayi ako." Mwanayo sanayambe n'sukulu yomwe.

Chaka chamawa mwina mudzawaona a Pulofesawa panyuzipepala, atavala mkanjo ndi chipewa chofutukuka, akutchedwa katswiri wa mapampu a kuchigwa. Muwaombere m'manja, alimbikira. Kuchoka kutauni kufika ku Mtakataka si pafupi.

Koma tsiku lina Chisomo adzadziwa kuwerenga, adzafuna kuona chimene amayi ake ankamusiyira pamsana pa agogo ake. Adzatsegula pepalalo, n'kuyamba pamwamba monga aliyense amayambira. A Pulofesa, inu odziwa kuwerengera zinthu, ndiuzeni: ndidzamuuze kuti atsike masamba angati asanapeze amayi ake?