Mchenga umene achimwene anathira m'chitsime

Achimwene anga anali wokumba zitsime. Anakumba zaka makumi anayi, ndipo nthaka ankaidziwa ndi lilime: akalawa kadothi ka pansonga ya fosholo, ankanena kuti madzi atsala mikono ingati. Sanali olankhulalankhula. Mawu anayamba kuwathera chaka chimene chitsime china chinagumukira mng'ono wawo, mzime wa m'nyumba mwathu, amene ankakumba naye limodzi. Tinalephera kumutulutsa. Achimwene anathamangitsa aliyense n'kukwirira dzenjelo okha. Patapita zaka panadutsa msewu, anthu n'kuiwala.

Mwana wawo wamkazi anaphunzira za nthaka ndi madzi. Ntchito yake inali yolowetsa manambala mu kompyuta, iyo n'kujambula mmene madzi amayendera pansi ndi zonse zimene amanyamula. Bambo ake ankamuseka kuti ndi wokumba wa zikhadabo zoyera. Iye ankabweza kuti kompyuta sidandaula msana.

Chaka china kunadziwika kuti migolo ya mankhwala ophera mbozi, imene inaiwalika m'nyumba yosungiramo katundu kumtunda kwathu, yakhala ikudontha. Kumunsi kunali chitsime cha pakhomo pa achimwene, chomaliza kukumba, chimene ankamwa adzukulu awo ndi makomo ena asanu. Mwanayo anawerengetsa kuti, poti pakati ponsepo ndi dongo, poizoniyo adzafika patatha zaka makumi atatu. Koma madzi amene ankatunga m'mabowo oyezera ankanena zina: mankhwala anali atafika kale pamsewu.

Masana ena anabwera ndi kompyuta yake n'kuiika patebulo la pabalaza. Ine ndinali pomwepo, ndikusoka. Anatifotokozera kuti manambala akukana kugwirizana, ndiye wawauza makinawo kuti asake okha pamene dongo labooka. Wayambiranso katatu konse, koma akuloza pamodzimodzi. Tinaona banga lofiira likufalikira pang'onopang'ono ngati magazi pansalu yonyowa. Litafika m'mbali mwa msewu linasonkhana pakadontho kamodzi, n'kutsika choongoka mpaka pamtsempha wa madzi. Linali dzenje lozungulira, lakuya mikono khumi ndi iwiri.

"Pamapu palibe chitsime pamenepa, bambo," anatero. "Kapena ndalakwitsa ndine."

Achimwene anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Anaika chala chawo chopindika chija pagalasi, n'kuchichotsa msanga ngati patentha.

"Simunalakwitse, mayi. Koma ndi mikono khumi ndi itatu."

Apo ndi pamene anaulula. Chitsime chakufa amachikwirira ndi dongo, kulitsendera mosanjikiza, kuti madzi a pamwamba asapeze njira. Lamulo limeneli ankaphunzitsa anzawo ndi iwo omwe. Koma tsiku lija, pokwirira chitsime chimene chinagumukira mng'ono wawo, manja anakana. Anatuta mchenga wa kumtsinje, ngolo zisanu ndi zinayi, n'kumathira pang'onopang'ono ndi manja.

"Dongo silipumitsa munthu," anatero. "Ndinkati mwina azipumako."

Ine singano inandigwa. Zaka zonsezi ndinkadutsa pamenepo popita kumsika, osadziwa za mchengawo.

Mwanayo anabwerera pakompyuta. Anafufuta dongo n'kulemba mchenga, anaonjezera mkono umodzi uja, ndipo mizere iwiri imene inkasemphana pagalasipo, wa zowerengetsa zake ndi wa madzi oyezedwa aja, inasanduka mzere umodzi. Pansi pake panatuluka yankho: poizoni afika pachitsime cha pakhomo m'miyezi isanu ndi itatu.

Achimwene sanadikire kuti wina awauze. M'mawa mwake anayenda khomo ndi khomo kuletsa anthu kutunga, ndipo anamasula chingwe ndi ndowa pachitsime chawo. Anachikwirira okha, ndi dongo, masiku asanu ndi limodzi, akutsendera ndi mapazi. Madzi ake anali adakali ozuna, oyera mbee.

Dzenje la pamsewu anadzalitseka amisiri a makina, amene amapopera dongo lamadzimadzi kudzera m'paipi. Tinapita tonse atatu. Paipi itaboola phula n'kufika pamchenga, munatuluka mpweya wozizira, wonunkhira mtsinje, ndipo unatuluka nthawi yaitali, fuuu, mpaka amisiri aja anasiya kucheza. Mwanayo anandinong'oneza kuti ndi mpweya chabe wotsekeredwa mumchenga, azakhali, zimachitika. Koma dzanja langa sanalisiye.

Achimwene anavula chipewa. Anadikira mpaka mpweyawo utatheratu.

"Wapuma zokwanira, mphwanga," anatero. "Thirani."