Ndinachedwetsa dala kompyuta ya ku Jenda

Nditasamukira ku Jenda ndinalibe wocheza naye, Chitumbukanso sindinkachimva. Anthu a m'deralo anandipempha kuika pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta ya pa holo, yomwe aliyense amagwiritsa ntchito. Ntchitoyo inatha tsiku lomwelo. Koma a Jere, mkulu amene ankafuna kulankhula ndi mwana wawo wa ku Joni, ankabwera masana alionse n'kukhala pambali panga, tikutafuna mtedza. Ndiye ndinkafufuta zonse n'kuyambiranso, nditakwinya nkhope ngati katswiri.

"Yatheka, dada?" ankafunsa.

"Yatsala pang'ono, adada. Mawa."

Manyazi atandigwira, ndinawalumikizira. Atamuona mwana wawo, anandigwira dzanja nati, "Yewo chomene, mwavutika."

Amabwerabe mpaka pano, koma mpando amautembenuzira ku kompyuta.