Mpira wa Apongozi

Digiri yanga ya uphunzitsi ndinkaisaka Loweruka lililonse pa Boma, m'chipinda chomwe yunivesite inachita lendi. Tsoka lake, m'kalasi momwemo munalinso apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, ahedi a sukulu ina ku Thuchila. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Mukakumana panjira, iwe umapatukira m'chinangwa. Choncho iwo ankakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni, ndipo zinkayenda.

Kenako kunabwera mphunzitsi wachitsikana wochokera ku Blantyre, atanyamula kampira ka tenisi. Anati zokopera manotsi zatha, tiziphunzira mosewera. Anatigawa m'matimu awiri. Munthu akayankha funso ankaponyera mpira wina wa timu inayo, wolandirayo n'kunena ngati yankho lili bwino, apo ayi alikonze. Mapointi ake ankalowa m'malikisi a teremu. Ine mayeso apakati ndinali nditalakwa, ndiye mapointiwo ndinkawafuna kuti ndisabwereze kosi.

Tsiku lina funso linagwera apongozi. Anayankha molimba mtima, koma anaphonya. Kenako anatembenuka n'kuponyera mpira ine.

Mpaka lero sindidziwa chomwe thupi langa linkaganiza. Manja anapita kutsogolo, maso pansi, mawondo n'kuyamba kugwada. Mpira unandimenya pachipumi n'kugubuduzikira kunsi kwa desiki.

"Tolani, bambo," anatero mphunzitsi uja. "Amayiwa akhoza kapena alakwa?"

Yankho ndinkalidziwa bwinobwino. Ndinkadziwanso kuti nyumba yanga ili pamalo a ndani.

"Akhoza ndithu," ndinatero.

Timu yathu inaluza, ndipo anzanga anandikalipira mpaka kudepoti. Apongozi anakwera minibasi yawo, ine ina monga mwa masiku onse, ndikudzitonthoza kuti ulemu wokha ndausunga.

Madzulo mkazi wanga anabwera kuchokera kwa mayi ake atakwinya nkhope.

"Amayi akuti mwawachititsa manyazi," anatero. "Yankho lawo analikayikira, ndiye anasankha inu poti m'kalasi monse amadalira inuyo. Tsopano anthu aziti mwana wawo anakwatiwa ndi mbuli."

Ndinamutuma kuti akafunse ngati Loweruka linalo ndili womasuka kuwatsutsa pagulu. Anapita, ndipo sanachedweko.

"Akuti mkamwini wamakhalidwe safunsa zimenezo."

Teremu yonse mpira ukamabwera ndinkauzinda. Apongozi anakhoza bwino. Kosi ija ndinaibwereza ndekha.