Firiji yapeza kobisala, nanga Tadala?

Lolemba m'mawa ndikusesa pakhonde kwathu ku Chilomoni, ndinaona amayi a Tadala, aneba anga, akubwera ndi anyamata awiri atanyamula firiji. Ndi firiji yomwe amaumitsiramo mafirizesi ogulitsa pasukulu.

"Asisi, mundisungireko kuchipinda. Banja lija likutha. Bambo a Tadala akangomva kuti ndikupita kukhoti, aigulitsa."

Maso awo anali psuu. Ndikanakana bwanji?

Lachitatu masana anagogoda amuna awo, omwe amayendetsa minibasi ya ku Limbe. Anali atanyamula TV, ataikulunga m'chitenje cha akazi awo omwewo.

"Alamu, ikhaleko kuno masiku ochepa. Mayi aja ayamba kusamutsa katundu. Musawauze."

Ndinailandiranso. Ndinadziuza kuti ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule.

Tsiku lotsatira, Tadala atabwera kusukulu anadzatenga kiyi wa kwawo, monga amachitira amake akakhala kumsika. Mtsikanayu ali mu Sitandade 8. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, ndipo anaona zonse. Anaima kanthawi, buku lili m'manja.

"Anti, kodi tikusamukira kwanu kuno?"

Ndinamukhazika pampando, iye n'kuyamba kufotokoza yekha, mwachifatse ngati munthu wamkulu.

"Amami akuti ndikakhala kwa agogo ku Thyolo. Adadi akuti ndikakhala kwa azakhali ku Bangwe. Aliyense akuti ndisauze mnzake. Nanga mayeso ndikalembera kuti?"

Abale, funso limeneli likundipwetekabe.

Taonani. Makolo awiriwa akulimbirana mwana. Mayi akuti kwawo n'kuchikamwini, ana ndi akuchikazi. Bambo ndi a ku Rumphi, akuti anapereka lobola, mwana ndi wawo. Koma pa awiriwa palibe amene akukonza zokhala naye yekha. Aliyense wamupezera komusungitsa, kuti mnzake asamupeze.

Kodi uku n'kukonda mwana, kapena kufuna kupambana?

Ife Amalawi ukwati timaukonzekera. Timapanga komiti, timasonkhana mlungu uliwonse, timakangana ngakhale za mtundu wa nsalu. Maliro nawo ali ndi dongosolo lake: uyu akagula bokosi, uyu akauza akumudzi. Koma banja likamatha timachita ngati akuba. Katundu amatuluka pakhomo lakuseri, ndalama zimasamukira mufoni ya mchimwene, ana amamva nkhani kwa anzawo pampopi.

Timaopa kuti kukambirana za kulekana n'kuitana tsoka. Akutchalitchi amati pempherani, ankhoswe amati pirirani. Nthawi zina amakhoza, ndipo mabanja ena amadzukadi. Koma madzi akatayika saoleka. Banja likafika poti latheratu, kukhala chete sikulipulumutsa. Kumangosiya mwana pamtetete.

Sindikunyoza mayi wobisa firiji. Ndawaonapo amayi atatuluka m'nyumba ndi chikwama chokha, katundu yense atapita, pomwe anagwira nawo ntchito zaka zambiri. Munthu ayenera kudziwa za m'nyumba mwake: renti imachokera kuti, poloti ili m'dzina la yani, ngongole ya kubanki m'khonde idzatsalira ndani. Kumeneko n'kukonzekera. Komanso pali mabanja ankhanza, kumene chanzeru n'kuthawa kaye, zokambirana pambuyo. Koma aneba angawa samenyana. Angotopana basi.

Ndiye Lachisanu ndinawaitana onse awiri, aliyense osadziwa kuti mnzake abwera. Atalowa ndinatsegula chipinda chija. Anayang'ana katundu, kenako anayang'anana.

"Ndiye mumandibera?" anatero bambo.

"Wakuba ndani? Chitenje changa chikutani apo?"

Ndinawasiya alalatirane mpaka mpweya unawathera. Kenako ndinawauza mawu a mwana wawo, monga anawanenera. Mayi anagwira pakamwa. Bambo anavula kapu n'kumaipinda m'manja.

"Mayeso ndi liti kodi?" anafunsa motsitsa.

Sankadziwa. Ndipo mayi, amene ankadziwa, anavomera kuti za sukulu ya ku Thyolo anali asanaziganizire n'komwe.

Sindinawayanjanitse, ndipo sindinayese. Banja likuthabe. Koma Loweruka anaitana ankhoswe a mbali zonse, n'kugwirizana mfundo zingapo. Tadala akhala ndi amake m'nyumba yomweyi mpaka alembe mayeso. Firiji ibwerera chifukwa ndiyo imagula ndiwo. Bambo asamukira kwa mchemwali wawo ku Bangwe, azilipira renti ndi zofunika kusukulu, ndipo Lamulungu lililonse azimutenga mwana. Zonsezi akazinena kukhoti kuti zikhale zomanga, popeza lonjezo lapakamwa limasungunuka munthu akapeza banja lina.

Kodi zidzayenda? Sindikudziwa. Pa nkhani ya poloti yawo ku Machinjiri sanamvane, ndipo mawu ena omwe anatulutsirana sindingawalembe pano.

Chomwe ndinachiona ndi ichi. Ankhoswe atapita, awiriwa anamuitana Tadala n'kumuuza limodzi, pakamwa pawo, kuti akulekana. Mwana analira. Bambo anamuuza kuti iye sanalakwe chilichonse, mayi n'kubwereza mawu omwewo. Atatonthola anafunsa ngati adadi ake adzabwere tsiku lotenga zotsatira za mayeso. Bambo anati adzabwera, ngakhale zitatanthauza kuimika minibasi.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga izi mtima utachoka kale m'banja. Sindikuweruzani, nsapato ikamaluma amadziwa ndi mwini phazi. Mwina mwafunsa kale za loya, mwapeza kanyumba ka renti, mwauza achibale anu onse.

Koma kodi pa anthu onse amene mwawauzawo, mwana wanu alipo?