Ndinataya Mapiritsi a Lonjezo M'chimbudzi

Inu owerenga, ine ndinasakaniza nthano za pa foni ndi moyo wa munthu, ndipo amene anapsa si ine. Mpaka lero mtima wanga sukhazikika. Ndikamaluka tsitsi mu saluni ya azakhali anga pa Mitundu, fungo la mafuta a tchipisi likangolowa pakhomo, ndimanamizira ludzu n'kutuluka panja.

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinalowa m'gulu lina la pa foni momwe anthu amatumiza nkhani zachikondi m'zigawozigawo. Zimene zinandigwira ine zinali za angelo ndi ziwanda. Mnyamata amakhala mngelo wothamangitsidwa kumwamba, m'kati mwake muli mdima umene ukumudya, ndiye pamabwera mtsikana wamba n'kumukonda mpaka mdimawo kuthawa. Ndinkawerenga poluka, podya, ngakhale m'tchalitchi foni itabisika m'buku la nyimbo. Azakhali ankandinyogodola kuti ndine mkazi wa mngelo, n'kumati anyamata a pa Mitundu alakwa kubadwa opanda mapiko. Sankanama, onsewo ndinkawaona ngati zitsa.

Kenako ndinadziwana ndi Lonjezo. Kwawo n'ku Nathenje, koma ankakhala ndi mkulu wake yemwe anali ndi chiwaya cha tchipisi pamsika. Wokazinga anali mkuluyo. Lonjezo ntchito yake inali kusenda mbatata, kudula kabichi ndi kutsuka mbale, kutali ndi moto. Anali wofatsa, wosaseka wamba, ndipo pamphumi anali ndi chipsera chimene sankafuna kuchikamba. M'mutu mwangamu nkhani inali itayamba kale.

Chibwenzi chitakhwima, tsiku lina tikuyenda m'mbali mwa madimba anandiululira kuti amadwala khunyu kuyambira ali mwana, n'chifukwa chake saloledwa kuyandikira chiwaya. Anandionetsa kathumba ka mapiritsi amene ankakatenga kuchipatala mwezi ndi mwezi, nati chiyambireni kumwa mosadumphitsa papita zaka asanagwe. Anandiyang'ana kudikira kuti ndimuthawe monga anachitira ena. Koma ine, ndikuchita manyazi kunena, ndinasangalala. Ndinati nayu mngelo wanga, nawu mdima wake, ndipo womuombola ndine.

Ndinamuuza zomwezo. Anaseka pang'ono nati, "Iwe, ine si mngelo, ndipo chiwanda ndilibe. Ndimadwala basi."

Mawu amenewo anandiumira. M'nkhani zanga zija munalibe mnyamata wongodwala basi, woima pamzere kuchipatala. Ndinayamba kumuvutitsa kuti tipite kwa mneneri wina wa ku Nathenje amene ankapempherera anthu m'chisakasa Lamlungu masana. Akakana ndinkanyanyala, osayankha foni, kenako ndinkalira n'kumati akanandikonda akanapita. Anagonja, tinapita. Mneneriyo anamugwira pamutu, anthu akufuula, ndipo anati chiwanda chatuluka. Ndinene chilungamo, za mapiritsi bamboyo sanatchule. Zimenezo zinali nzeru zanga. M'nkhani zija unyolo womaliza amadula ndi mtsikana, ndiye titabwerera pa Mitundu ndinamulanda kathumba kaja n'kukaponya m'chimbudzi cha kuseri kwa saluni. Lonjezo anangoima, manja m'thumba, nati, "Amayi akamva zimenezi sindidziwa kuti ndidzawauza chiyani." Ndinamuyankha kuti chikondi ndi chikhulupiriro zakwana. Sindinafunse namwino, sindinafunse azakhali, ndipo safunsa anadya phula.

Masiku anadutsa osagwa. Ine ndinkayenda monyang'wa, mpaka ndinalemba m'gulu muja kuti anzanga mumangowerenga, ine zandichitikira. Lonjezo naye anayamba kukhulupirira kuti wachiradi. Mkulu wake sankadziwa kanthu.

Tsiku la msika linafika, anthu ali pikitipikiti. Azakhali anandituma tchipisi. Ndinapeza mkulu wake uja wapita kukalandira matumba a mbatata pagalimoto, makasitomala akudandaula, ndipo pachiwaya pataima Lonjezo akutembenuza tchipisi. Atandiona anamwetulira nati, "Waona? Lero ndikukazinga ndekha." Maso ake anatembenuka, thupi linauma gwa, ndipo anagwera kutsogolo, mkono ndi tsaya m'mafuta owira.

Anthu anabalalika. Mukudziwa zimene tinakula tikumva, kuti wakhunyu akagwa usamuyandikire, akatulutsa mpweya woipa iwe n'kuupuma ndiye kuti nthenda yakulowa. Azimayi anatseka mphuno ndi zitenje, azibambo anaima patali akufuula kuti wina amukoke. Nanga ine, amene ndinalumbira kulimbana ndi mdima? Ndinabwerera m'mbuyo, dzanja lili pamphuno. Anamuchotsa pamotopo ndi mkulu wake, amene anabwera chothamanga atamva phokoso. Kuchipatala namwino anatiuza kuti khunyu siipatsirana m'njira imeneyo ngakhale pang'ono, komanso kuti kusiya mankhwala mwadzidzidzi ndiko kunamugwetsa. Ndinamva ndili kumbuyo kwa anthu, koma sindinaulule kuti mapiritsiwo ndinataya ndine.

Anakhalitsa m'chipatala ku tauni, ndipo atatuluka anapita kwa amayi ake ku Nathenje. Kangapo konse ndinakwera njinga yamoto kuti ndikamuone, koma tikafika pakati panjira ndinkauza wakabaza kuti tibwerere, ndaiwala chinthu. Ndikafika ku saluni ndinkalakalakanso ndikanapitirira. Azakhali anasiya kundiseka, anangoti munthu sathawa mthunzi wake.

Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinafika. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, mwina zikanandipepukira. Koma amayi ake anandiyalira mphasa nati, "Mwachita bwino mwana wanga, anzake onse anamutaya. Mwanayu anangoiwala kumwa mankhwala, chibwana." Apo m'pamene ndinadziwa kuti Lonjezo sanandiulule kwa aliyense. Amayiwo anapitiriza kunena kuti anthu m'mudzimo akuwauza kuti wakhunyu akapsa ndi moto sachiranso, ndipo anandifunsa ngati ine wophunzira ndinamvapo kuti n'zoona. Ndinati si zoona, bola azimwa mankhwala.

Amayiwo atalowa m'nyumba tinatsala awiri. Dzanja lamanja la Lonjezo linakwinyika, zala zinamatana, ndipo mapiritsi amatsegula ndi mano. Ndinayamba kupepesa koma anandidula. "Ndinakuuza kuti ndimadwala basi," anatero motsitsa. "Zimenezo sizinakwane kuti undikonde?"

Ndinangotsanzika n'kubwerera ku Mitundu. Amayi ake sindinawauzebe chilungamo. Sabata iliyonse ndimati ndipita, sabata n'kutha.

Atsikana ndi anyamata anzanga, nkhani werengani, n'zokoma, koma muzizisiya pa foni pomwepo. Mngelo wa m'nkhani akagwa amadzuka m'chigawo chotsatira alibe chipsera. Kupemphera pempherani, koma mankhwala a mnzanu musawakhudze, ndipo wakhunyu akagwa pafupi ndi moto kapena madzi mukokeni msanga, simutenga kanthu. Ngati wokondedwa wanu wakuuzani kuti amadwala, musamufunire dzina lina lokoma. Muperekezeni kuchipatala mukaime naye pamzere. Ine mzere umenewo ndinauona wonyozeka, ndipo lero Lonjezo amaimapo yekha, dzanja atalibisa m'malaya.